Mbozi za pa Mtengo wa Mandimu

Panali munthu wina, mlimi, dzina lake Yokoniya. Ankakhala ndi mkazi wake Nasoko kumapeto kwa mudzi, pamene minda ya chimanga imayambira. Ana awo anali atakula n'kupita kukamanga maanja awo. Pakhomo panatsala awiriwo, mbuzi zitatu, ndi mtengo umodzi wa mandimu kuseri kwa nyumba.

Yokoniya sanali munthu woipa. Ndanena zimenezi poyambirira pomwe chifukwa ndimakudziwani: nkhani isanafike pakati mukhala mutamuweruza kale. Anali wakhama, sankamwa, sankakweza mawu kwa mkazi wake. Chilema chake chinali chimodzi. Anali wamantha, ndipo mantha akewo anali ndi pochokera.

Zaka zambiri m'mbuyomo, ntchembere zandonda zinagwa m'dera lonselo. Mbozi zimenezo zinkayenda chigulu mpaka nthaka kuda. Zinapeza chimanga chili m'mawondo, ndipo zinachidya munda ndi munda mpaka kutsala timitengo. Munthu akaima phee m'munda ankamva kukukuta kwake. Chaka chimenecho banja la Yokoniya linadya gaga ndi zitsa za nthochi. Mzime wawo, mwana wa zaka zitatu, anatupa miyendo, ndipo anamuika m'manda mwezi wa Febuluwale. Kuyambira pamenepo Yokoniya akaona mbozi, ngakhale imodzi yokha, sankaisiya yamoyo. Ankaiponda, n'kuipondanso, n'kupukuta phazi pa udzu.

Atakalamba onse awiri, Nasoko anayamba kudwala maso. Ankadzigunda pa mphuthu ya chitseko. Mbuzi ikaima pambali pake sankaiona. Mwana wawo woyamba, Esinala, amene anakwatiwa kutauni, anabwera kudzamutenga n'kupita naye kuchipatala. Dokotala ananena kuti siinali ng'ala yoti n'kuchotsa. Anali matenda amene amadya kuona kwa munthu kuyambira m'mbali, pang'onopang'ono, mpaka kutseka. Anamupatsa mankhwala odontheza m'maso, koma sanamubisire kuti wabwera mochedwa. Nasoko ankaona ngati munthu wosuzumira m'bango: kadanga kakang'ono kutsogolo, kwina konse mdima. Dokotala anati kadangako mwina sikafika nthawi yokolola.

Nasoko sanalire pamaso pa anthu. Koma Yokoniya ankamuona akuyang'anitsitsa zinthu wamba, lichero, nkhuku, manja ake omwe, ngati munthu amene akutsanzika. Zimenezi zinkamuwawa kwambiri. Tsiku lina masana ali pakhonde anamufunsa ngati pali chimene angakonde kuona maso asanatseke. Ankayembekezera kuti atchula zidzukulu, kapena ulendo wa kutali.

Nasoko anatchula agulugufe. Anafotokoza kuti kwawo kumene anakulira, m'munsi mwa phiri, kunali kamtsinje kumene amayi ankachapa. Mvula ikakata, agulugufe ankatera pamatope a m'mphepete mwake mazanamazana, achikasu, oyera, akuda amawangamawanga, onse ali phee akumwa. Iye ali mtsikana ankawayandikira monyang'ama n'kukhala pansi kumawayang'ana mpaka amayi ake kumukalipira. Yokoniya anati ndiye apite kumeneko. Nasoko anapukusa mutu. Mlongo wake anali atamuuza kale kuti mitengo ya kumeneko inatha, kamtsinjeko kanauma, ndipo pamalopo pali munda wa fodya.

Kumudzi kwa Yokoniya nakonso agulugufe anali atasowa. Minda yonse inkapoperedwa mankhwala, ndipo tchire lililonse linkatenthedwa. Ankadutsa mmodzimmodzi, mwa apo ndi apo.

"Mmodzi wouluka sindingamuone, bambo a Esinala," anatero Nasoko. "Mukandiuza kuti uyo, pomatembenuka ine wapita kale. Ndikufuna ambiri, atatera pamodzi, osasuntha, kuti kadanga kangaka kawapeze."

Yokoniya anaseka, nati ngati ndi zimenezo zokha, ndiye zatheka kale. Anaganiza kuti wapemphedwa chinthu chopepuka.

Mvula yoyamba itagwa anayamba ntchito. Nasoko ankalangiza, Yokoniya n'kumachita. Choyamba chinali kuleka kusesa kuseri kwa nyumba. Masamba ogwa anawasiya kuti awolere pomwepo. Chisoso ndi luni zitamera, Nasoko analetsa kuthyola ndiwo, anati zisiyidwe zichite maluwa. Yokoniya anabzala deliya m'mbali, mpendadzuwa pakati, ndi maungu kuti ayange pansi. Anamanga mpanda wa bango kuti mbuzi ndi nkhuku zisalowe. Pafupi ndi mtengo wa mandimu anakumba kadzenje kosaya, nathiramo mchenga, manyowa a mbuzi ndi kamchere pang'ono, ndipo m'mawa uliwonse ankathirapo madzi kuti pakhale matope. Pambali anaika mwala wafulati poikapo mango ndi nthochi zowola.

Mudzi unaseka. Inu amayi mukudziwa zimene zimanenedwa pachitsime za mkazi amene kuseri kwa nyumba yake kwamera chisoso. Ena anati Nasoko wachita ulesi n'kunamizira maso. Ena anati Yokoniya wayamba ubwana, anzake akupalira chimanga iye akupalira maluwa. Zosekazo Yokoniya sizinamukhudze. Chimene chinamukhudza ndi mawu a mayi wina amene anati pabwalo timasesa kuti njoka ikadutsa tione mkukuluzi wake, nanga m'tchire lotere mkazi wosaona adzaiona bwanji. Mawu amenewo anamulowa. Analambula kanjira kochokera pakhonde kukafika pamatope paja, ndipo tsiku lililonse Nasoko asanatuluke, iye ankayamba wadutsamo akumenya udzu ndi ndodo. Mantha amenewo anatha kuwasenza, chifukwa anali ndi chochita nawo.

Pofika Januwale m'mundamo munali maluwa okhaokha. Agulugufe anayamba kubwera awiri, atatu. Mmodzi wamkulu, wakuda wamawanga achikasu, ankazungulira mtengo wa mandimu, kutera patsamba pang'ono n'kuulukanso. Yokoniya ankaloza, Nasoko n'kumatembenuka mochedwa. Koma Nasoko sanadandaule. Anati amenewo ndi azondi chabe, gulu likubwera.

Patapita masiku, Yokoniya anaona kuti masamba anthete a mandimu akudyedwa. Anayandikira. Pamasambapo panali tinthu tonga zitosi za mbalame. Akuyang'ana choncho, kamodzi kanasuntha. Sabata isanathe tinthu tija tinali titakula, titasanduka mbozi zobiriwira, zonenepa ngati chala. Zinali panthambi iliyonse. Pa luni panalinso zina zing'onozing'ono. Yokoniya anatola kamtengo n'kukhudza imodzi. Mboziyo inadzutsa mutu, inatulutsa tinyanga tiwiri tofiira, ndipo kunatuluka fungo la mandimu owola. Munthu wamkulu uja analumpha chambuyo mpaka kugunda mpanda.

Nasoko anamva phokosolo ali pakampando kake. Anafunsa chimene chachitika, ndipo atamva anaseka koyamba pa miyezi yambiri.

"Zisiyeni, bambo a Esinala. Amenewo ndiwo alendo athu aja. Kungoti sanavale."

Yokoniya anayankha kuti iye anaitana agulugufe, osati mbozi. Nasoko anati walira mvula walira matope. Musaganize kuti Yokoniya sankadziwa kumene gulugufe amachokera. Ankadziwa, ngakhale ana a sukulu amadziwa. Koma zimene mutu wavomera, mimba imatha kukana. Analonjeza kuti sazikhudza, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankadutsa mtengowo chapatali, atayang'ana kumbali.

Nasoko ndiye anausandutsa mtengowo nyumba yake. M'mawa uliwonse ankagwira nthambi imodziimodzi, kuyandikitsa nkhope, n'kumawerenga mbozi. Zina zinasiya kudya, zinadzimangirira ku timitengo ndi kaulusi, n'kuuma kusanduka tizikwa, timatumba tolimba tolendewera. Nasoko ankatisisita ndi nsonga ya chala. Anati tikaswa timeneti, pakangotha masabata awiri kapena atatu, pamatope paja padzadzaza agulugufe. Koma Yokoniya ankaona chinthu china. Tsiku lililonse nkhope ya mkazi wake inkayandikira kwambiri kunthambi kuposa dzulo lake. Kadanga kaja kanali kakuchepa. Onse awiri ankawerenga masiku, ndipo palibe amene ankauza mnzake.

Kenaka kunamveka mbiri. Anthu ochokera kumsika anati kutsidya kwa mtsinje, midzi isanu kuchokera pamenepo, kwagwa ntchembere zandonda. Palibe amene anaziona ndi maso ake, aliyense anamva kwa mnzake. Koma chimanga chinali chitafika m'chiuno, chobiriwira bwino, ndipo mudzi wonse unagwidwa nthumanzi. Amuna ankalawirira kuminda kukafunyulula masamba. Akulu amene anaona njala ija anasiya nthabwala.

Sabata yomweyo Esinala anabwera kudzatenga mayi ake, tsiku lokaonananso ndi dokotala linali litakwana. Unali ulendo wa masiku atatu. Ponyamuka Nasoko anagwira dzanja la mwamuna wake n'kumuuza kuti tizikwa tilipo makumi awiri ndi titatu, mbozi zosasanduka zilipo zoposa makumi anayi, ndipo asaiwale kuthira madzi pamatope.

Masana a tsiku lomwelo kunabwera Msonthi. Ameneyu anali mnansi wake wa Yokoniya, tcheyamani wa kalabu ya alimi, ndipo munda wake wa chimanga unkayambira mapazi khumi okha kuchokera pampanda wa bango uja. Anabwera atabereka sipuleya kumsana, botolo la mankhwala a thonje lili m'manja. Anaima pampandapo nthawi yaitali akuyang'ana mtengo wa mandimu, umene tsopano unali wodyekadyeka.

"A Yokoniya, anzanu akuweta nkhuku. Inu mwasankha kuweta mbozi?"

Yokoniya anafotokoza za maso a mkazi wake. Anati izi n'za mtundu wina, zimadya mandimu okha. Koma ankalankhula mokayikira, ndipo munthu amene sakukhulupirira zimene akunena sangakhulupiritse mnzake.

"Mbozi ndi mbozi," anatero Msonthi. "Zikamaliza mandimuwa zidya chiyani? Munda wanga ndi uwu." Kenaka anatsitsa mawu. "Chaka chija inu munaika mwana mmodzi. Ine ndinaika awiri. Pakhomo panga pali zidzukulu zinayi zamasiye. Sindikukukakamizani, achimwene. Koma zikagwa m'mudzi muno, anthu adzafunsa kumene zinayambira, ndipo mlandu suola."

Anatula sipuleya ija, anaitsamiritsa kumpanda, anaika botolo pambali pake, n'kumapita. Nayenso musamuweruze msanga. Msonthi sanabwere ndi njiru. Anabwera ndi mantha ake kudzawatula pa mantha a mnzake.

Yokoniya anatsala yekha. Analowa m'mundamo n'kuima pansi pa mtengo. Kunali zii, mphepo kunalibe. Ndiye anamva kukukuta. Kunali kwapansipansi, koma anakuzindikira, kunali komwe kuja anakumva m'munda mwake chaka cha njala. Timanyi ta mbozi tinkagwera pamasamba ouma, tha, tha, tha. Anakumbukira kupepuka kwa kabokosi kamene anakanyamula yekha m'manja popita kumanda. Anathamangira kumunda kwake, anafunyulula chimanga mzere ndi mzere, sanapeze kanthu. Anabwerera, anapeza amayi awiri ataima panjira akuloza mpanda wake. Atamuona anatembenuka osamupatsa moni.

Apa ndiye pamene ndimakwiya naye Yokoniya, ngakhale ndimamumvera chisoni. Njira zinalipo. Mlangizi wa zaulimi ankakhala ulendo wa ola limodzi panjinga, akanatha kupita ndi mbozi imodzi m'chitini n'kukafunsa. Akanatha kuthyola tsamba la chimanga, kuikapo mbozi, n'kukhala pansi kuona ngati idya. Akanatha kungodikira masiku atatu mwini wake wa munda abwere. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma munthu wamantha safuna kudziwa, amangofuna kuti chimene chikumuopsacho chichoke. Yokoniya tsiku limenelo sanadye.

Kutacha anamanga kansalu pamphuno. Pabotolo panalembedwa kuti chivindikiro chimodzi chimakwanira sipuleya yonse. Iye anathira zitatu, kuti zife msanga asazione zikuvutika. Anabereka sipuleya n'kulowa m'munda wa mkazi wake.

Anayambira pa mtengo wa mandimu. Mbozi zinadzutsa mitu, zinatulutsa tinyanga tawo tofiira, zinapindikapindika, n'kuyamba kugwa. Zinkagwera pamapewa pake ndi pamapazi pake. Iye anapitiriza kupopa. Anapopera luni, chisoso, deliya, mpendadzuwa, maungu. Njuchi zimene zinali m'maluwa zinagwa pansi n'kumazungulira chagada. Gulugufe wamkulu uja anabwera monga mwa masiku onse, anatera patsamba lonyowa, ndipo sanaulukenso. Yokoniya anapopera ndi pamatope pomwe.

Tizikwa tokha sitinagwe. Tinangolendewera pa ulusi wake ngati palibe chachitika. Yokoniya anatiyang'ana, n'kuganiza kuti Msonthi akationa adzati ndi mazira. Anasonkha moto wa mapesi pakona, n'kuyamba kutithothola kamodzikamodzi. Kena, atakagwira pakati pa zala, kanagwedezeka. Munali chamoyo m'katimo, chitatsala pang'ono kutuluka. Anaima kanthawi akukamva kakugunda pa chala chake. Kenaka anakaponya pamoto pamodzi ndi tinzake, tonse makumi awiri ndi titatu.

Atamaliza anasesa mbozi zakufa, anazikwirira, anasamba m'manja ndi sopo kawiri. Anakhala pakhonde kudikira kuti mtima ukhale pansi. Sunakhale. Mantha a mbozi anali atachoka, koma pamalo pake panabwera ena aakulu: mkuja Nasoko akubwera.

Mvula inagwa masiku awiri n'kutsuka fungo la mankhwala. Maluwa ambiri anali atapserera m'mbali, koma munthu wa maso ngati a Nasoko sakanaona zimenezo. Anafika madzulo dzuwa lisanalowe. Esinala anakokera bambo ake pambali n'kuwauza kuti diso lakumanzere latseka, lakumanja latsala pang'ono, ndipo dokotala wati palibenso chochita. Pamene awiriwo ankalankhula, Nasoko anali atalowa kale m'munda, asanamwe ndi madzi omwe. Yokoniya anamupeza akupapasa nthambi za mandimu, imodzi ndi imodzi, kuyambira pansi mpaka pamene manja ake ankafika.

"Zili kuti, bambo a Esinala?"

"Zaswa dzulo," anatero Yokoniya. "Zauluka. Zibweranso."

Nasoko anapapasanso nthambi ija. Kenaka anati chabwino, tidikira.

Ndipo anadikiradi. M'mawa uliwonse Yokoniya ankamenya udzu ndi ndodo, kumugwira dzanja, kumukhazika pakampando pafupi ndi matope. Ankathira madzi. Ankaika nthochi zowola pamwala. Ankachita zonsezi akudziwa kuti palibe chimene chibwere, ndipo ankakhala pambali pa mkazi wake mpaka dzuwa kutentha. Nthawi zambiri Nasoko sankayang'ana pamatope. Ankatembenuza mutu pang'onopang'ono mpaka kadanga kake katapeza nkhope ya mwamuna wake, n'kuiyang'anitsitsa. Yokoniya sankatha kupirira maso amenewo. Ankadzuka n'kunena kuti akukaona mbuzi.

Tsiku lina anatenga neti yakale ya udzudzu n'kupita kudambo lakutali. Munthu wa imvi anathamanga m'matope tsiku lonse, n'kugwira gulugufe mmodzi. Pofika naye kunyumba, utoto wa mapiko unali utatsalira m'zala zake ndipo phiko limodzi linali litang'ambika. Anamuyandikitsa kumaso kwa Nasoko. Nasoko anayang'ana nthawi yaitali, koma chimene anaona chinali kansanza kotuwa kakunjenjemera. Anamuuza kuti amutaye, ameneyo si mlendo koma mkaidi.

Ntchembere zandonda sizinaoloke mtsinje. Mwinanso kutsidyako sizinagweko n'komwe. Chimanga chinamasula, chinabereka, ndipo mudzi unayambanso nthabwala. Msonthi anabwera kudzatenga sipuleya yake, anagwira Yokoniya paphewa, n'kunena kuti mwaona, tinachita bwino kuzifulumirira. Mlangizi uja anadutsa m'mudzimo sabata yotsatira, ndipo wina atamufunsa za mbozi za pa mandimu anaseka, nati zimenezo ngakhale mutazitsekera m'nkhokwe zingafe ndi njala, chimanga sizidya. Yokoniya anali pomwepo ndipo anamva. Madzi akatayika saoleka.

M'mawa wina chakumapeto kwa Malichi, atamukhazika pakampando, Nasoko anafunsa ngati lero kuli mitambo. Kumwamba kunali kuli mbee, dzuwa lili pankhope pake. Yokoniya anadutsitsa dzanja patsogolo pa maso ake. Zikope sizinaphethire. Pamenepo munthu uja anagwada pamatope, nayamba kulira, n'kuulula zonse: za Msonthi, za zivindikiro zitatu, za moto, za kachikwa kamene kanagwedezeka m'zala zake.

Nasoko anamvetsera mpaka kumapeto osamudula.

"Ndinadziwa tsiku lomwe ndinabwera," anatero. "Maso ndiwo ankatha, makutu ayi. M'munda wa maluwa wopanda njuchi ngakhale imodzi, mwana yemwe angadziwe."

"Nanga bwanji munkakhala pano m'mawa uliwonse, mayi a Esinala?"

"Ndinkadikira kuti mundiuze ndikadaona nkhope yanu."

Yokoniya sanaugwirenso munda uja. Sanausese, sanauthirire, sanalowemonso. Koma mvula ya chaka chotsatira itagwa, chisoso ndi luni zinamera zokha, mandimu anaphuka, ndipo mbozi zinadya mmene zinafunira popanda woziopa. Tsiku lina mu Febuluwale mvula itakata, Yokoniya akudutsa anasuzumira pampanda. Pa kadzenje kaja panali patadzaza madzi amvula, ndipo m'mbali mwake munali agulugufe osawerengeka, achikasu, oyera, akuda amawangamawanga, onse ali phee akumwa. Anafuna kuitana mkazi wake, koma analeka. Nasoko anali pamphasa, mapazi asanu kuchokera pamenepo, akuothera dzuwa, nkhope italoza kukhoma.

Tsono ndibwere kwa inu, abale anga mwa Ambuye. Zaka zitatu mwakhala mukupemphera kuti achinyamata abwerere mumpingo muno. Abwera. Abwera ndi phokoso, ndi mafunso osapsatira, ndi zovala zimene sizikukusangalatsani. Monga mbozi zija, masamba akudyadi, sindikana, ndipo ukawakhudza amatulutsa tinyanga. Ndamva kuti Lachinayi akulu a mpingo akhala pansi kuti adule mumpingo achinyamata asanu ndi awiri, chifukwa kwamveka mbiri ya ana a mpingo wina amene analowerera. Mantha anuwo ndikuwadziwa, ena mwa inu munataya ana m'njira zimenezo. Koma musanabereke sipuleya, khalani pansi ndi mmodzi wa anawa, mumufunse, muone ngati n'chomwe chija chinakulandani mwana kapena chikungofanana nacho.

Mukawadula, ena adzabwera m'tsogolo muno, Mulungu sasowa anthu. Koma ine ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi, ndipo ambiri a inu amene mwakhala m'mabenchi akutsogolowa ndinu akulu anga. Enawo ife sitidzawaona.